Dzanja la a Wilfred pa Zenera la Chipatala

Panali munthu wina pa Nsaru, a Wilfred, amene ntchito yawo inali yogula mtedza ndi soya kwa alimi pamsika. Amene anainena nkhaniyi ndi mkazi wawo, mayi Febe, atatha mapemphero a amayi, ndipo anapempha okha kuti imveke. Ikuperekedwa pano monga momwe anainenera.

A Wilfred anadwala impso. Zonse ziwiri zinafooka, mkodzo unkangotuluka pang'ono, thupi n'kutupa. Kuchipatala cha m'tauni anawaika pa makina osefa magazi, aja amati dayalisisi, kawiri pa sabata. Nesi amene ankawasamalira, mayi Naomi, anawalongosolera bwinobwino.

"Bambo, mukafika muziyamba mwakwera sikelo. Kulemera kumene kwaonjezekako ndi madzi amene impso zalephera kutulutsa, ndipo ndi amene ndimawauza makinawa kuti achotse. Pamakina muzikhalapo maola anayi athunthu. Kunyumba zakumwa muzimwa pang'ono, mchere muchepetse."

"Za sikelo zokha musandiphunzitse, anesi," anaseka a Wilfred. "Ine ndakulira pa sikelo."

Poyamba anamvera. Kutupa kunatha, anayambanso kupita kutchalitchi wapansi.

Kenaka nyengo ya mtedza inafika. Tsiku lonse ankakhala padzuwa ndi pafumbi, akukuwa mitengo, kukhosi gwa! Amayi ogulitsa thobwa anali pafupi, ndipo a Wilfred ankangomwa. Atapita kuchipatala sikelo inakwera kwambiri, ndipo mayi Naomi anati awaonjezera nthawi pamakina. Tsiku limenelo anafika pa Nsaru msika utabalalika, alimi atagulitsa kwa mavenda ena.

Sikelo ya kuchipatalako inali pakona, pafupi ndi zenera. Odwala akachuluka, munthu ankakwerapo yekha n'kutchula nambala, nesi ali kalikiliki ndi ena. A Wilfred ankadziwa mmene sikelo amaipepuzira. Anayamba kutsamiza dzanja pa zenera, nambala n'kutsika. Makina ankachotsa madzi ochepa, otsalawo ankabwerera nawo kunyumba. Ola lomaliza likayandikira ankayamba kudandaula.

"Ndichotseni anesi, mutu ukuwawa. Ndatsukika kale ine, ndikudzimva."

Mayi Febe, amene ankawaperekeza, analiona dzanja lija. Anadikira mpaka atatsika minibasi.

"Abambo a Tamandani, dzanja lija limafunanji pa zenera?"

"Ndimachita chizungulire."

"Chizungulire chake chobwera pa sikelo pokha? Mukunamiza ndani kodi?"

"Amake Tamandani, musakandinenere ngati mwana wa sukulu. Mtedzawu ukangotha ndisiya."

Mayi Febe sanawauze anesi. Akuti ankaopa kuwachititsa manyazi pamaso pa anthu.

Kumapeto kwa mwezi mayi Naomi anatenga magazi, ena asanalowe pamakina, ena atatuluka, monga ankachitira ndi odwala onse. Zotsatira zitabwera anakoka mpando n'kukhala pafupi nawo.

"Bambo, magazi awiriwa sakusiyana mokwanira. Zoipa zikutsalira m'thupi chifukwa mukuchoka nthawi isanakwane."

Kenaka anawadina mwendo ndi chala. Chala chinalowa ngati m'dothi lonyowa, dzenje lake osabwerera.

"Sikelo ikuti madzi mulibe, mwendo ukuti alimo. Mukumwa bwanji kunyumba?"

"Pang'ono pokha, anesi. Kutupaku ndi kupanikizana kwa mu minibasi."

Mayi Naomi anayang'ana mayi Febe. Mayi Febe anayang'ana pansi.

"Kapena sikelo yathuyi yawonongeka, eti? Ndiitanitsa okonza. Koma Lachinayi ndidzakuyezani ndekha, nditakugwirani manja onse awiri, ndipo pamakina simudzachoka msanga. Chonde bambo, musadzajombe. Madziwa akafika m'mapapo sadikira."

Lachinayi a Wilfred sanapite. Anati kukubwera lole yodzatenga matumba. Mayi Naomi anaimba foni, iwo anangoiyang'ana mpaka inasiya kulira.

Pofika Loweruka nsapato sizinkalowa. Kugona chagada kunakanika, ankangokhala pampando akupuma ndi pakamwa. Lamulungu m'mawa anayamba kubanika, mawu akuduka. Achibale anapeza galimoto, mayi Febe anakhala nawo kumbuyo atawatsamiritsa pachifuwa pawo, akupemphera.

Ali m'njira, a Wilfred anawafinya dzanja.

"Amake Tamandani."

"Ndili pano."

"Mukawauze anesi aja, sikelo yawo ndi yabwinobwino. Asakaikonzetse."

Sanalankhulenso. Galimoto inalowa pageti ya chipatala atatsirizika kale.

Maliro atatha, mayi Febe anakwera minibasi okha kukapereka uthengawo. Anawapeza mayi Naomi akulumikiza wodwala wina ku makina omwe aja. Anadikira, kenaka anafotokoza zonse, za thobwa ndi za dzanja pa zenera. Mayi Naomi sanawadzudzule. Anangowagwira manja, onse awiri n'kulira.

Atapukuta misozi, mayi Naomi anapita pakona paja, anakoka sikelo n'kuiimika pakati pa chipinda, pamene palibe khoma kapena zenera loti munthu n'kutsamira.

"Ndikanalankhula tsiku limene anesi anandiyang'ana lija," anatero mayi Febe pomaliza nkhani yawo, "bwenzi bambo atangochita manyazi basi. Manyazi sakwirira munthu."

Mulungu awatonthoze mayiwa pamodzi ndi mwana wawo Tamandani.

Phunziro: Wodwala impso, sikelo ndi kuyeza magazi ndi maso a nesi wako. Ukazinamiza, madzi ndi zoipa zimatsalira m'thupi lako lomwe. Usachoke pamakina nthawi isanakwane, usajombe, ngakhale ukudzimva bwino. Ndipo inu operekeza odwala, mukaona cholakwika nenani, ngakhale m'bale wanuyo akukwiyireni. Tumizani nkhaniyi kwa mabanja amene ali ndi wodwala impso, mwina kuli dzanja lina limene likadali pa zenera.