Boti la a Zakaria lasintha dzina

"Ndani walowa mu imelo yanga?" anakalipa a Zakaria, mwini boti wa ku Malindi. Wina wake anali atatumizira makasitomala awo a usipa uthenga wabodza m'dzina lawo.

Mlamu wawo Jessica, mphunzitsi, anangoseka. "Pasiwedi yanu si Asiyeni Anene?"

"Wakuuzani ndani?"

"Mangochi yonse imawerenga mawuwo paboti lanu, alamu. Sinthani, muikemonso manambala, ndipo musauze munthu, ngakhale ine."

A Zakaria anatembenukira kukhoma n'kusintha pasiwediyo, foni ataiphimba ndi chipewa.

Loweruka Jessica anawapeza padoko, burashi ili m'manja, akupenta dzina latsopano pabotipo.

"Mutu wangawu umaiwala," anatero a Zakaria monong'ona. "Koma musadandaule, alamu, manambalawo ndalemba ang'onoang'ono."