Tambala wa Chaka Chino

Oweruza atafika pa kakhola kake ka waya, mayi wamasiyeyo anayang'ana pansi. Nsapato zake zinali zitayera ndi fumbi la pabwalo la chionetsero cha zaulimi. Mmodzi wa oweruzawo anatulutsa tambalayo, namutambasula mapiko, namupapasa pachifuwa. Kenako anafunsa funso lomwe ankafunsa aliyense, ngati nkhukuyo anaweta yekha kuyambira ili mwanapiye, monga lamulo la mpikisano linkanenera. Mayiyo anangovomera ndi mutu.

Silinali bodza laling'ono. Tambalayo anali asanathe ngakhale sabata pakhomo pake.

Malemu amuna ake, amene aliyense ankawatchula kuti a Kokoliriko, ndiwo anali akatswiri a m'shedi yoonetseramo nkhuku pa chionetserochi. Chaka ndi chaka, anthu akakolola n'kuyamba kukhoma mahema pabwaloli, riboni yofiira inkapita kwa iwo. Tambala wa mpikisano ankamusunga m'khola lakelake kuseri kwa nyumba, lokhala ndi loko, ndipo sankalola munthu kuyandikira, ati mapazi a anthu amanyamula chitopa. Chionetsero chikatha, tambala wopambanayo ankagulidwa pomwepo, iwo n'kubwerera kunyumba akuimba likhweru.

Anamwalira mvula ili mkati, khola lija lili lopanda kanthu. Pamaliro pomwepo anthu anayamba kufunsa ngati dzina la a Kokoliriko lidzaonekenso pa chionetsero. Mayiyo analonjeza. Anasankha tambala wooneka bwino mwa nkhuku za pabwalo, namutsekera m'khola lija, namudyetsa chilichonse chimene anamva kuti chimanenepetsa. Tambalayo ankangodya n'kumatalika miyendo ngati kakowa. Chionetsero chitayandikira, mayiyo anafunsa mwakachetechete kusitolo ya zakudya za ziweto, nakwera basi ulendo wautali kupita kwa mlimi wina wa ndevu zoyera, woyenda motsimphina. Sanatchule dzina lake. Anati akufuna tambala wa mbewu basi.

Tsopano riboni yofiira inali itamangidwa pa wayapo, ndipo anthu anali atadzaza m'shedimo. Fungo la zitosi ndi utuchi linkatsamwitsa. Panja mathirakitala ankalira, ng'ombe zikuyankha. Mlamu wake, mng'ono wa malemuwo, anaima pambali pa kakholako ngati kuti tambalayo anamuswa ndi iyeyo. Ankauza aliyense wodutsa kuti luso la achimwene silinapite kumanda, latsala m'manja mwa alamu. Amayi ena a kumpingo analira misozi. Wina anati a Kokoliriko akumwetulira kumene aliko.

Mawu amenewo ndiwo anamulasa kwambiri. Mwamuna wa khama chotero, wa manja odala chotero, iye n'kuika dzina lake pa nkhuku yogula. Ankaona ngati malemuwo aima kumapeto kwa mzere wa makola, manja kumbuyo, akupukusa mutu. Aliyense womugwira chanza ankamuwonjezera katundu. Anafuna kunena kuti mutu ukumupweteka, apite kunyumba, koma mlamu wake anati adikire wojambula zithunzi.

Ndipo pamenepo anamuona. Mlimi wa ndevu zoyera uja anali atalowa pakhomo la shedi, akutsimphina pang'onopang'ono, akusuzumira khola lililonse ngati munthu wofunafuna mbuzi yotayika.

Mayiyo anakokera mpango wake pamphumi. Anayang'ana kokabisala, koma kumbuyo kwake kunali matumba a chakudya cha nkhuku, kutsogolo khamu la anthu. Anatuma mlamu wake kuti akamugulire madzi akumwa, kuti mwina manyaziwo amupeze ali yekha. Mlamuyo anapita monyinyirika.

Mlimiyo anafika. Anawerama, nayang'anitsitsa tambalayo, nalowetsa chala pa waya. Tambalayo anapendeketsa mutu osamujompha. Kenako bamboyo anawerenga kachikwangwani kolembedwa dzina la mwini khola. Anakawerenganso kachiwiri, milomo ikuyenda. Atadzutsa mutu, maso awo anakumana, ndipo mayiyo anadziwa kuti wazindikiridwa.

Oweruza anali chapafupi, akumwa zoziziritsa kukhosi. Panangofunika mawu amodzi. Mayiyo anaganiza za riboni ikumasulidwa anthu akuona, za mlamu wake akubwerera ndi botolo la madzi, za dzina la amuna ake likusanduka nthabwala ya m'mabasi. Anasendera pafupi ndi bamboyo.

"Bambo, ndapota nanu," ananong'ona. "Wolakwa ndine. Ngati n'kunena, nenani za ine, koma malemuwo musawadetsere mbiri. Anali munthu woweta ndi manja ake. Ine ndi amene ndalephera."

Bamboyo anavula chipewa chake, nachigwira pachifuwa. Nkhope yake sinaonetse mkwiyo. Anayang'ana uku ndi uku kuti aone ngati pali womvera, kenako anatsitsa mawu.

"Kani ndinu mayi a kunyumba kwawo? Pepani kwambiri, za maliro ndangozimva lero pageti. Mukanangonena tsiku lija. Tambala ameneyu ndinkasungira iwowo, ngati zaka zonsezi. Ndinakugulitsani nditaona kuti chaka chino sakubwera kudzamutenga."