Liwu la Dokotala wa Pamgodi

Dokotala wa pamgodi ku Kitwe anachotsa chomvetsera chake pachifuwa cha Atanazio n'kunena liwu limodzi lokha: "Debility."

Atanazio anakulira ku Angoniya, ndipo Chingerezi sankachimva. Anacheukira Ignatius, womasulira. "Achimwene, akuti chiyani?"

"Akuti mwafooka. Azungu amatero munthu akatha mphamvu m'thupi."

"Kufooka kwake kotani? Kwa njala kapena kwa matenda? Inu munaphunzira kwa ansembe ku Tete, tandiuzani m'Chipwitikizi."

Ignatius anayang'ana pansi. "Debilidade. Ena amati fraqueza."

Atanazio ankalidziwa liwu limenelo. Fraqueza ndi liwu limene namwino wachipwitikizi anauza mkulu wake mwezi umene anayamba kulavula magazi. Mvula isanagwe anali atamuika m'manda.

"Auzeni kuti ndili bwino," anatero monong'ona. "Ana anga ali mu komboni. Mawa nditsika pansi ngati masiku onse."

Pomwepo kukhosi kunayamba kumuyabwa. Analuma mlomo, nameza malovu, misozi ikulengeza m'maso.

Dokotala anapinda manja n'kudikira, mpaka Atanazio anatsokomola.