Batani Lachiwiri

Efulemu anadinanso batani lachiwiri, ndipo wothawa wa pakanemayo anamangidwa ndi asilikali.

"Wamuperekanso!" anatero aphunzitsi a Jeremiah, uku akutsonya.

Kompyutayo inali pakona m'sitolo ya a Mbaraka pa Nathenje. Mlamu wawo anabwera nayo kuchokera ku Joni mu 1991, ndipo munali sewero limodzi lokha. Wosewera ankakhala mlonda wa pamlatho m'dziko la nkhondo. Munthu wothawa ankafika n'kupempha pobisala. Ukadina batani loyamba unkamubisa, lachiwiri unkamupereka. Nkhani inkapitirira malinga ndi zimene wasankha.

Mawu ake anali a Chingerezi, choncho a Jeremiah ndiwo ankamasulira, n'kumawonjezerapo ulaliki wawo. Iwo akakhala pampandopo ankabisa aliyense, ngakhale sewero lithere poti mlonda waphedwa.

"Bola kufa uli munthu kusiyana n'kukalamba uli galu," ankatero.

Efulemu, mlimi wa fodya wa ku Mitundu, sankaona choncho. Masana amenewo anachita kuitana anyamata a chipani, amene ankafunsa anthu makhadi pakhonde, kuti adzaone mmene amasewerera. Analowa onse atatu, nawonso ogula anaunjikana.

"Mlondayu ali ndi ana, aphunzitsi," anatero Efulemu. "Akafera mlendo, anawo adzawalera ndani?"

"Nzeru za nkhuku zimenezo. Kuona kabawi n'kukankhira mnzako poyera."

Anthu anaseka. A Jeremiah anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Chimunthu chonsecho, mapewa ngati ng'ombe yapangolo, koma mtima wa mbewa. Ankawadziwa anthu oterewa. Amagwada asanauzidwe, amawomba m'manja nyimbo isanayambe.

Pakanema panafika wothawa wina, mayi wovulala mwendo. A Jeremiah anamasulira pempho lake pang'onopang'ono, mawu akunjenjemera ngati ali paguwa. Efulemu anakanda kumutu nthawi yaitali. Anafunsa maganizo a anyamata a chipani mmodzimmodzi, anapempha kuti amumasulirenso, kenako anadina lachiwiri.

"Yudasi anali bwino, anachitako manyazi," anatero a Jeremiah. "Ine wothawa atagogoda kwanga, ndingamupatse ndi bulangete lomwe."

Lole ya a Mbaraka italira kuseri kwa sitolo n'kulowa mumsewu wa ku Dedza, Efulemu anadzuka, n'kuwasiyira mpando aphunzitsiwo.

M'lolemo, pakati pa matumba a chimanga, munagona Zipora, mayi amene chipani chinkamusaka chifukwa chokana kugula khadi. Efulemu anamusunga m'chigafa chake cha fodya dzinja lonse, ndipo antchito a m'sitolomo anamukweza m'lolemo maso onse ali pakanema. Zipora anali mlongo wawo wa a Jeremiah, ndipo khomo loyamba kumutsekera linali la aphunzitsiwo.