Masamba Pamsewu wa ku Boitekong

Kompyuta ya m'galimoto ya alonda a mgodi inalira, kenako inalamula m'Chingerezi kuti adani atseka msewu, aponyeredwe utsi wokhetsa misozi.

Chiletso, mmodzi wa alondawo, anasuzumira pawindo. Pamsewu panali nthambi zaziwisi zoyalidwa mopingasa, monga timachitira kwathu ku Malawi pakagwa maliro. Kutsogoloko amayi a Mvano ankaimba chapansipansi.

"Makinawa anapangidwira kunkhondo, salakwitsa," anatero bwana wawo, yemwe kale anali msilikali. "Alipo akutsutsa?"

Kuntchito Chiletso anauza aliyense kuti kwawo ndi ku Limpopo, konko ku South Africa, osati ku Malawi. Akanangofotokoza za masambawo, akanadziulula. Anatsitsa galasi la chisoti chake kuti libise nkhope.

Alondawo atatsika m'galimoto n'kuima pamzere, utsiwo anauponya ndi dzanja lake.

Nyimbo inadukira pakati. Amayi anabalalika akutsokomola, wina atafunditsa khanda chitenje kumutu.

Utsi utachepa, a Beston, mtchona wokalamba amene fumbi la mgodi linawathera mapapo, ankatola nthambi zija imodziimodzi n'kuzibwezera pamsewu. Ndiwo anasunga Chiletso m'kachipinda kawo atangofika kumene ku Joni. Anayandikira mzere wa alonda uja, naima pamaso pa Chiletso. Anamudziwa ndi kaimidwe.

"Iwe mwanawe," anatero m'Chichewa, mawu atasasa. "Sindikufunsa kanthu ine. Koma pano pali maliro. Vula chisoticho."

Chiletso anavula, anzake onse akuona.