Ndimamuda, Amalume

"Nena pamaso pake kuti ukumuda!" anakalipa a Kasimu, amalume ake a Laila. Anali atabwera ku Harare kuchokera ku Mangochi kudzathetsa chibwenzi cha mtsikanayo ndi Munya, mnyamata wa Chishona wa ku Kambuzuma.

Laila sanaweramitse mutu. Anamuyang'ana Munya m'maso.

"Ndimamuda, amalume. Ndinamuda kalekale, ndipo ndidzamuda mpaka kumanda. Palibe amene angandisinthe maganizo."

"Wadzimvera wekha," anatero a Kasimu. "Tuluka pano!"

Munya anatuluka pageti akumwetulira ngati wapatsidwa kale mkazi. Mayi ake a Laila anangotseka pakamwa ndi chitenje, osawauza achimwene awowo kuti mu Chishona, kuda munthu ndi kumukonda.