Pomwe Akanaima Amayi

Yesenia ankasita pang'onopang'ono malaya okhala ndi nkhope ya munthu amene bambo ake ankamufuna pa upulezidenti.

"Fulumira, kamba iwe," anatero bambowo, a Rogelio. "Anzanga a kuhotela ndawalonjeza mitu itatu: ine, mlongo wako Efraín, ndi iwe."

Kuno ku Las Vegas chisankho chachipulula sichinali chachinsinsi. Ofuna uyu ankaima ngodya iyi ya holo, ofuna uyo ngodya inayo, aliyense akuona.

"Wathuyu akweza malipiro," anapitiriza bambowo. "Basi. Winayo amangoti mapepala, mapepala. Nyimbo imeneyo tinatopa nayo."

Mayi a Yesenia, a Consuelo, ankapukuta mbale osatembenuka. Anali atatha zaka makumi awiri m'dziko muno opanda mapepala owaloleza kukhalamo, choncho sankavota.

Yesenia anazimitsa simbi, malaya ake asanasite.

"Mwina winayo akunama, bambo," anatero. "Komabe ine ndikaima kwa wa mapepalayo, pomwe akanaima amayi."

A Consuelo anaika mbale pansi, napuma mozama.

"Mwanawe, wakuuza ndani pomwe ndikanaima? Nawenso sunandifunse."